Mmene A Kochi Analowera M'manda Tikupita ku Vubwi

Anthu ena akamasimba za ulendo amathirako mchere. Ine mchere anandiletsa kuchipatala, choncho zonse zimene mumve pano n'zoona zokhazokha. Wokayika apite ku Sinda akafunse. Akakapeza kuti mboni zanga zambiri zinamwalira, umenewo si mlandu wanga.

Zinali m'zaka zija sopo ndi shuga tinkazipezera pamzere. Ndinkaphunzira pa kakoleji ka zaulimi kufupi ndi Sinda, ndipo mphunzitsi wathu wa za ziweto anali a Mwamba, Mbemba wa ku Kasama, munthu wamfupi koma wa mawu otalika. Akaitana mwana wa sukulu ku khola la nkhumba, amene ankayankha anali wa kumsika. Ndiwo anabweretsa basiketi pakolejipo. Anapeza bwalo la simenti loyanikirapo nsawa, anazika mitengo iwiri ya bulugamu, n'kukhomerapo malingi amene anapinda okha ndi zitsulo za bedi lakutha. Kuyambira pamenepo dzina lawo linatayika. Aliyense, ngakhale akazi awo, ankangoti a Kochi.

Bwalolo ndilo linali pamoto. Mkulu wa koleji, a Jere, Mngoni wosaseka, ankafuna kulizinga ndi khoma kuti likhale nkhokwe ya nsawa. Amati a Jerewo anasekapo kamodzi ufulu usanabwere, koma woona ndi maso sanapezeke. Chaka chimenecho anaitana a Kochi n'kuwauza kuti, "Chaka chilichonse mumapita ku mpikisano wa ku Chipata, mumenyedwa masewero oyamba, mubwerako mafuta a lole atapita pachabe. Chaka chino mukabwerera pakhomo pomwepo, malingi atsika."

Tsono mvetsani mmene mpikisanowo unkayendera. Matimu oyamba awiri a chigawo chilichonse ndiwo ankapita ku Chipata. Timu yotsogola m'chigawo chathu inkayamba ndi timu yofooka, ya anyamata oti mpira ukawabwerera amatsinzina. Koma yachiwiri inkayamba ndi zimphona za m'tauni ya Chipata momwemo, anyamata a nsapato zenizeni, amene ankatimenya chaka ndi chaka mpaka wolemba zigoli kupempha choko china. Ife tinali phewa ndi phewa ndi kakoleji ka mishoni ka ukalipentala ku Vubwi, ndipo masewero otsiriza anali kwawo, Loweruka 2 koloko masana. Kupambana kumeneko kunali kupulumutsa bwalo. Kuluza, kapena kuchedwa, kunali kupereka bwalo kwa nsawa.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa pa lole ya koleji, yomwe ntchito yake yeniyeni inali kunyamula nkhumba. Tinaitsuka ndi mtima wonse, koma ntchentche za ku Sinda zinatiperekezabe mpaka ku Katete, kumene zinatisiya m'manja mwa abale awo. Dalaivala anali a Tembo, amene ankalankhula ndi loleyo monga munthu alankhulira ndi apongozi: mofatsa, maso ali pansi. Siinkalira yokha, inkafuna kukankhidwa, ndipo a Kochi ankati kumeneko ndiko kutenthetsa thupi.

Pamwamba tinalipo timu yonse. Otchulika ndi awiri: kaputeni wathu Lazaro, mnyamata wa nkhawa amene ankatha kudandaula mvula isanaganize n'komwe zogwa, ndi Gibisoni. Gibisoni anali wamtali moti chimfine chikamugwira kumutu Lolemba, mapazi ankamva Lachitatu. Ndikanama ndife. Ine ntchito yanga inali kunyamula pampu ndi kuwomba m'manja, ndipo pa ziwirizi panalibe wondiposa m'chigawo chonse.

A Tembo sankadziwa kupitirira munthu woimika dzanja. Tisanaone phiri la Katete tinali titakweza mayi wa nkhuku, bambo wa njinga yopanda unyolo, ndi agogo ena aamuna amene sanadziwe kumene tikupita koma anati kulikonse kuli bwino. Malipiro ankadalira zimene munthu wanyamula. Wa nkhukuyo analipira mazira, wa njinga analonjeza, agogowo anatipempherera. Pemphero lawo litangofika pa ameni, tayala la kumbuyo linaphulika.

Tinalowa m'Katete tikugubuduza tayala. Womata machubu wodalirika anali a Saidi, Myao wobadwira ku Malawi, amene anali ndi sitolo ya nsalu kutsogolo ndi guluu kuseri. Atasolola chubu chathu anachiyang'ana nthawi yaitali.

"A Tembo, chubu chili kuti apa?"

"Ndi chimenecho, achimwene."

"Ichi ndi zigamba zogwirana manja. Chubu chinachoka kale."

Anapala, anapaka guluu, kenaka anasamba m'manja n'kuvala kofiya. Lazaro anadumpha. "Bambo, mukupita kuti? Tili pa ulendo!"

"Lero n'Lachisanu, mwanangu. Guluu amafuna kuuma, munthu amafuna kupemphera. Mulungu anazikonza kuti zichitike nthawi imodzi."

Tinadikira. Ndikuuzeni, kudikira kwa pa Katete masana a Novembala si kudikira wamba. Mthunzi unalipo umodzi, wa mtengo wa mango, ndipo mbuzi zinali zitaulipira kale. Wina aliyense akanakhala pansi n'kuyamba kutukwana, koma a Kochi anatidzutsa kuti tiziponyerana mpira pakhonde la sitolo. Anthu anasonkhana. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anaonerera ndithu, kenaka anafunsa Gibisoni mwachifundo, "Kodi amwene, msinkhu wonsewu, anakukanani ku mpira wa amuna?"

A Saidi atabwerako anamata chubu, anakankhira udzu wouma m'tayala pamene panali pong'ambika, n'kutiuza kuti tayalalo lifika ku Vubwi ngati sitiliuza kutalika kwa njira. Tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa ku Chadiza dzuwa litapendeka.

Masiku amenewo kutsidya ku Mozambiki kunali nkhondo, choncho m'njira munali zipata za asilikali. Pa chimodzi, msilikali anakwera pamwamba, anasuzumira m'zikwama, n'kutulutsa mpira wathu. Unali umodzi wokhawo, wofiirira, wa timaduu ngati khungu la chule.

"Ichi n'chiyani?"

"Mpira, bwana," anatero a Kochi.

"Mpira ndimaudziwa ine. M'kati muli chiyani?"

"Mpweya wa ku Sinda, bwana. Wopopa ndi uyu." Anandiloza ine.

Msilikaliyo anayamba kusisita mpeni wake. Lazaro anatseka maso. A Kochi anatsika, anatenga mpira uja mwaulemu, anauzunguliza pa chala, anaudutsitsa pakati pa miyendo, n'kuuponya m'ndowa ya asilikali imene inali patali ngati apa ndi apo. Unalowa osakhudza m'mbali. Msilikali anaitana anzake, ndipo anawabwerezetsa a Kochi mpaka ndowa inaphwanyika. Anatitsegulira chipata akutichitira sawatcha. Tinagona pa mabenchi a sukulu ina ya pulayimale ku Chadiza, kupatula Gibisoni amene anagona pa mabenchi a makalasi awiri.

Loweruka kunacha mvula yoyamba itagwa usiku wonse. Msewu wa ku Vubwi ndi wa mapiri, ndipo ukanyowa umaterera ngati therere. A Tembo anayendetsa bwino, akuipepesa lole pa chitunda chilichonse, mpaka tinatsikira m'kadambo kena, mishoni itatsala pang'ono. Pamenepo lole inangokhala pansi, phwa, ngati nkhumba yafika kwawo. Tinakankha, tinaika miyala, tinadula nthambi. Inkangolowabe. Dzuwa linali lisanafike pamutu.

Kutsogolo pang'ono, pamsewu panali pataikidwa masamba aawisi, ndipo kuchokera m'mudzi wa pamtunda tinkamva nyimbo za amayi. Kunali maliro. Amuna onse amene akanatitulutsa m'matopemo anali kumeneko, ndi ng'ombe zawo zomwe.

"Ndiimbe hutala?" anafunsa a Tembo.

"Mukaimba ndikudulani dzanja," anatero a Kochi. "Anyamata, vulani zipewa. Tiyeni."

Tinawatsatira tikuganiza kuti akukapempha ng'ombe. Ife tonse tinali ana a kum'mawa, ndipo tinkadziwa kalowedwe ka pamaliro: manja kumbuyo, mutu pansi, kukhala chete kumapeto kwa amuna. Tinachita zimenezo. Koma a Kochi anapitirira mpaka pakati pa bwalo, anaima pafupi ndi nyumba ya siwa, n'kutsegula mawu awo aja.

"Odi kuno kwa odya mbewa! Ndamva kuti wina yamutsamwa pakhosi. Ali kuti ndimuone? Ndinakuuzani ine, muziyamba mwachotsa mchira!"

Nyimbo inaduka. Ine ndinayang'ana kumene ndingathawire. Lazaro anayamba Atate Wathu. Kenaka mayi wina wachikulire, maso ali ofiira ndi kulira, anasuzumira pakhomo la siwa.

"Ameneyo ndi Mbemba?"

"Wa ku Kasama weniweni, mukwai," anayankha a Kochi ndi mawu aulemu a Chibemba.

"Amayi inu, bisani nkhuku! Kwabwera wakuba! Gwirani pusi ameneyo!"

Amayi anatuluka ngati njuchi, wina ndi lichero la ufa, wina ndi phulusa. Anawapaka a Kochi kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Anawalanda wezulo n'kuiveka mbuzi m'khosi. A Kochi ankangokuwa, "Ufa wokhawu? Ndiwo zili kuti? Mwasauka chonchi a kum'mawa inu?" Ndipo ndinaona ndi maso angawa namfedwa, mkazi wa malemu, akuseka misozi ili m'masaya.

Chimenechi ndicho chimbuya: iwo amatinena odya mbewa, ife timawanena odya pusi. Makolo a Angoni ndi a Abemba anamenyana kalelo, ndipo nkhondo itatha, mikondo anaisandutsa chipongwe. Pofika masiku athu, munthu aliyense wa kum'mawa anali mbuya wa Mbemba. Mbuya pamaliro amatukwana, amaba nkhuku, koma ndiyenso amasenza ntchito yolemera kuti ofedwa apume. Ife tinkadziwa mbali ya chipongweyo. A Kochi ankadziwa mbali zonse ziwiri.

Anafunsa atsibweni a malemu, bambo woonda wa jekete lakuda, chifukwa chake mtembo unali usananyamuke. Atsibweniwo anati adzukulu akumba kuyambira mbandakucha koma apeza mwala, ndipo manja awathera. Malemu anali a mpingo, choncho kumandako kunalibe choletsa alendo. A Kochi anangotikodola.

Tinapeza dzenje lofika m'chiuno, adzukulu atakhala pa dothi malilime ali kunja. A Kochi anavula nsapato, anapinda buluku, n'kudumphiramo.

"Patseni piki, alesi inu. Mbewa mumakumba mpaka kumadzulo, koma m'bale wanu mukufuna kumusiya pamtunda?"

Lazaro anagwada m'mphepete n'kunong'ona, "A Kochi, dzuwa."

"Ndaliona. Si lako."

"Nanga lole? Tingowauza kuti atibwereke ng'ombe."

"Lazaro, pamaliro sapempha ng'ombe. Gwira fosholo."

Tinakumba. Pali Mulungu, mwala umene uja unali wachibale ndi phiri la Katete. Piki ikamenya, moto unkathetheka mpaka wina anayatsirapo fodya. Tinkasinthana awiriawiri, koma a Kochi sanatulukemo. Thukuta linkasakaniza ufa uja mpaka kumaso kwawo kunaphikika phala. Pakati pa ntchito ankauzabe malemuwo kuti asazolowere, kumwamba kulibe mbewa. Adzukulu anaseka mpaka mphamvu zinawabwerera. Gibisoni atalowa, mmodzi wa iwo anati tikumbe mpaka mnyamatayo abisike, koma atsibweni anakana. Anati tikatero titulukira ku Mozambiki, ndipo malemu analibe chiphaso.

Ponyamula bokosi, anthu amalandirana m'njira, aliyense kuikapo phewa pang'ono. Gibisoni ataikapo lake, bokosi linapendekeka moti malemu anayenda ulendo wawo wotsiriza chotsetsereka. Anamuchotsapo mwaulemu n'kumupatsa nkhata za maluwa. Abusa analalikira. Anali abusa odziwa Baibulo lonse ndipo sanafune kutibisira kalikonse. Ine ndinkayang'ana mthunzi wa mtengo ukusuntha, ndikuona 2 koloko ikudutsa, ndikuona khoma la nsawa likukwera njerwa ndi njerwa. Ndinayang'ana a Kochi. Ankaimba nyimbo ya maliro ndi mawu onse, m'Chinyanja chawo chokhota, ngati munthu wopanda kwina kopita.

Titakwirira n'kusamba m'manja, atsibweni aja anabwera.

"Inu a pusi, zikomo. Koma munatulukira kuti? Munagwa mumtengo?"

Apo m'pamene a Kochi anafotokoza za lole, za masewero, za nthawi imene inali itapita kale. Atsibweni anagwira pakamwa.

"Bwanji osanena?"

"Ndikananena mukanatani? Mukanasiya mtembo padzuwa?"

Bamboyo anangotembenuka n'kuitana amuna. Ng'ombe sanazivutitse n'komwe. Anazungulira lole ija mudzi wonse, wina anayambitsa nyimbo, n'kuinyamula monga anyamulira denga la nkhokwe, a Tembo ali m'kati mtulo. Anadzuka ali pouma n'kunena kuti ankadziwa kuti ituluka yokha. Kenaka amuna aja anakwera onse, ati akaone masewero amene achititsa Mbemba kugwira ntchito.

Tinafika pa mishoni dzuwa litafiira. Woimbira masewero anali Bulaza wina wachizungu wa pamishonipo, wotchi ili padzanja, ndipo anati malamulo ndi malamulo, timu yochedwa yaluza. Amuna a kumaliro aja sanakangane naye. Anangokhala pansi pakati pa bwalo, matope a kumanda ali m'miyendo. Atsibweni anati, "Abambo, uyu watiikira m'bale wathu lero. Mukati wachedwa, mwati ife tinalakwa kufedwa." Bulaza anayang'ana a Kochi, oyera kuposa iye mwini. Ndiye kaputeni wa akalipentala, mnyamata amene sindidzamuiwala ngakhale dzina lake sindinalidziwe, anaponya mpira pansi n'kunena kuti iwo kupambana kwa pawotchi sakukufuna, tisewere kusanade.

Tinasewera. Ndakhala ndikuonera basiketi moyo wanga wonse, koma ngati ya tsiku limenelo sindinaionenso. Manja a anyamata athu anali matuza okhaokha. Lazaro ankagwira mpira ngati mbatata yamoto, koma ankaugwirabe, n'kudutsa pakati pa akalipentala ngati nsomba. Gibisoni mikono inkakana kukwera kupitirira mapewa, koma mapewa akewo anali kale pafupi ndi lingi. Amuna a kumudzi aja sankadziwa malamulo, choncho ankakuwira chilichonse, makamaka a Kochi. "Pusi, khala pansi! Ana akusewera bwino popanda iwe!" Ine ndinawomba m'manja mpaka matuza anga anaphulika.

Tinali kumbuyo ndi chigoli chimodzi pamene Bulaza anakweza wezulo. Lazaro anaponya ali pakati pa bwalo. Mpira unafika pa lingi, unazungulira, unazunguliranso, unaima kuganiza, n'kugwera kunja.

Tinaluza. Pobwerera, titafika ku Chadiza, a Kochi anati, "Koma manda aja tinakumba bwino." Lazaro anafuna kulira, kenaka anaseka, kenaka anachita zonse ziwiri.

Za ku Chipata ndisataye nazo nthawi. Tinakumana ndi zimphona zija masewero oyamba, ndipo wolemba zigoli anapempha choko china.

Lolemba lake a Jere anaitanitsa timu yonse pabwalo. Amisiri anali ataima kale ndi makwerero pansi pa malingi. A Kochi anaima kutsogolo kwathu, manja kumbuyo, ndipo sanapemphe chilichonse. A Jere anati nkhani ya ku Vubwi anaimva kwa a Tembo, ndipo akufuna kuimva kwa mwini wake.

"N'zoona kuti munataya masewero chifukwa cha maliro a munthu amene simumudziwa ngakhale dzina?"

"N'zoona, a Pulinsipo."

"Mukudziwa zimene ndinanena za malingi awa?"

"Ndikudziwa."

A Jere anayang'ana zikhato za Lazaro, anayang'ana za Gibisoni, anayang'ana bwalo. Kenaka anauza amisiri kuti abweze makwerero kosungira.

"Nsawa tiyanika pa mphasa," anatero. "Ine kwathu n'kutali, ndipo Mbemba pakoleji pano ndi mmodzi. Ndikamulanda bwalo pusi ameneyu, tsiku langa likadzafika adzandikumbira ndani?"

A Kochi anaweramitsa mutu mwaulemu waukulu.

"Zikomo, a Pulinsipo. Koma mufulumireko, mukwai, manja asanafewe."